Mvula Imene Yagwa Isanagwe

Anzanga acinyamata, m'Cinyanja cathu muli kamau kakang'ono kamene timakagwiritsa nchito tsiku lonse osakaganizira: -ka-. "Mvula ikagwa, sindipita." "Ukabwera, tidzadyera pamodzi." Ndinayamba kukaona bwino kamau aka pamene ndinayamba kuphunzira Cinepali, citundu ca ku Nepal, dziko la mapiri limene liri pakati pa India ndi China.

Amene anandikokera ku citunduci ndi akulu anga. Iwo ndi msilikari, ndipo anagwirako nchito yosungitsa mtendere ku Central African Republic, kumene kunalinso asilikari a ku Nepal. Anabwerako ndi kabuku kamene analembamo mau a anzao aja, ndipo ine ndinakabwereka. Mpaka lero kali kwa ine.

Mnepali akafuna kunena kuti "mvula ikagwa, sindipita," amati: Pani paryo bhane ma jandina. Pani ndi madzi kapena mvula, ma ndi "ine," jandina ndi "sindipita." Mau amene amacita nchito ya -ka- wathu ndi bhane, ndipo amabwera pambuyo pa mneni. Ena amayamba ciganizo ndi yadi, ndiye kuti "ngati," koma pokambirana ambiri amangomusiya.

Tsono cimene cinandizunguza mutu ndi paryo. Mau amenewa atanthauza "inagwa." Mvula isanagwe, mitambo ikali kusonkhana, munthu anena kale kuti inagwa! Kodi zitheka bwanji? Ndinakhala nalo funsoli masabata angapo, kufikira nditadziwa kuti bhane acokera ku mneni bhannu, kutanthauza "kunena." Pamenepo maso anatseguka. Mnepali akuti: "Tinene kuti mvula yagwa, ine sindipita." Si momwe agogo amalankhulira kodi? "Tikati mvula yagwa, mbeu tiitenga kuti?" Nafenso timaika cinthu patsogolo pathu monga cacitika kale, kuti tione cimene tingacite.

Kwa mnzako umati Timi aayau bhane ma khusi hunchhu, "ukabwera ndidzakondwera." Kwa munthu wamkulu sunganene timi, umati tapai, monga momwe ife timasiyanitsira iwe ndi inu.

Koma pali mtundu wina wa ciganizo umene uli wolemera kwambiri. Ife timati "ukanabwera, ndikanakondwera." Mnepali amati: Timi aaeko bhae ma khusi hunthe. Onani bwino: bhane wasanduka bhae. Kalembo kamodzi kokha kacoka, koma munthu uja sanabwere, ndipo mpata unapita. Ciganizo coyamba ciitana mnzako, caciwiri cimdandaula. Mlendo amene makutu ace sanazolowere angamve ngati aitanidwa pamene akudzudzulidwa.

Cimene cinandilasa mtima ndi ciganizo cimene ciri patsamba lomaliza la kabuku kaja: Bhukampa rati aaeko bhae ajhai dherai manchhe marthe. "Cibvomezi cikanabwera usiku, anthu ambiri koposa akanafa." Akulu anga anati msilikari amene anawauza mau amenewa anali kukamba za pa 25 April 2015, pamene cibvomezi cacikulu cinagwedeza Nepal ndi kupha anthu pafupifupi 9,000. Cinacitika nthawi itatsala pang'ono kukwana 12 koloko masana, pa Ciweru. Limenelo linali tsiku lopumula m'dzikolo, cotero masukulu anali otseka, ndipo kumidzi ambiri anali panja kapena kuminda. Koma popeza Akristu a kumeneko amasonkhana pa Ciweru m'malo mwa Sondo, ambiri a iwo cinawapeza ali m'nyumba zopemphereramo.

Ine ndinali kuganiza kuti ziganizo za "zikanakhala" ndi za madandaulo okha, monga mau a Marita pa Yohane 11, pamene anauza Ambuye kuti mlongo wace Lazaro sakanafa iwo akanafika msanga. Koma msilikari uja anatenga bhae yemweyo ndi kuyamika naye. Nyumba yao inagwa yonse. Amai ace anali panja kudyetsa mbuzi, ndipo mng'ono wace, amene masiku ena onse akanakhala m'kalasi, anali kusewera mpira pabwalo.