Agogo Anga ndi Homer

M'mwezi wa Malichi chaka cha 1991, Napolo atatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe, bambo adapita kukatenga mayi awo. Nyumba ya agogo idapita ndi madzi pamodzi ndi nkhokwe komanso mbuzi zitatu. Adafika kwathu ku Goliyo, m'Ndirande, atasenza kamtolo ka zitenje basi. Ine nthawi imeneyo ndinali mu Sitandade 5.

Nyumba yathu inalibe magetsi. Tikadya nsima madzulo, amayi ankazimitsa koloboyi pofuna kusunga palafini, ndipo mumdima momwemo agogo ankayamba: "Padangokhala!" Ife tonse: "Tili tonse!" Ankatisimbira za Kalulu ndi Fisi, za Kamdothi mwana woumbidwa ndi dongo, komanso za usiku umene phiri lidabangula. Chomwe chinkandidabwitsa n'chakuti nthano imodzi yomweyo sinkatuluka mofanana kawiri. Tsiku lina ndidawadula mawu: "Agogo, dzulo mudati ana anali atatu, lero mukuti asanu?" Iwo adaseka. "Amunanga, nthano si chenji cha kumsika choti muziwerenga."

Mu 2001 ndidasankhidwa kupita ku Chancellor College ku Zomba. Mwa maphunziro onse, amene adandigwira mtima ndi a mbiri ya zolembalemba za padziko lonse. Tidayambira ku Mesopotamia, pa nkhani ya Gilgamesh yomwe idalembedwa pa timapale ta dongo. Timapaleto tidakwiririka m'mabwinja a mzinda wa Nineve zaka zoposa 2,000, ndipo mu 1872 George Smith, wogwira ntchito ku British Museum, adawerengapo nkhani ya chigumula chofanana ndi cha Nowa. Kuchoka apo tidawolokera ku Greece kwa Homer, ku Italy kwa Dante, ku Spain kwa Cervantes. Tidamva za Goethe wa ku Germany, amene mu 1827 adalankhula za nthawi imene zolemba za mitundu yonse zidzakhale chuma cha aliyense. Pomaliza tidabwerera kwathu kuno ndi Things Fall Apart ya Chinua Achebe, ya mu 1958.

Maphunzirowa anali okoma, koma ine adandilowa molakwika. Ndidayamba kuyenda ndi buku m'khwapa ngakhale popita kukagula makala. Patchuthi china agogo adandifunsa chimene ndinkaphunzira ku Zombako.

"Nthano za anthu akale, agogo."

"Ndiye tisimbireniko imodzi."

"Zimenezo n'zakuya, simungazimve."

Sadayankhe. Adangopitiriza kusadzula masamba a nkhwani. Mawu amenewo ndimawamvabe m'khutu mpaka lero.

M'chaka chachitatu, ndikufufuza za Homer mulaibulale, ndidapeza buku la Albert Lord lotchedwa The Singer of Tales, la mu 1960. Limafotokoza za mphunzitsi wake, Milman Parry wa ku Harvard, amene ankakhulupirira kuti Iliad, ndakatulo ya mizere yoposa 15,000, sidayambire pa cholembera koma pakamwa. Pofuna umboni, pakati pa 1933 ndi 1935 Parry adayendera midzi ya ku Yugoslavia ndi makina ojambulira mawu, kufunafuna alakatuli osadziwa kulemba. Mmodzi mwa iwo, Avdo Međedović, adaimba ndakatulo ya mizere yoposa 12,000 yochokera m'mutu. Chimene akatswiriwa adapeza n'chakuti mlakatuli wotere saloweza mawu onse ayi. Amasunga msana wa nkhani ndi timawu tobwerezabwereza, ndipo nkhaniyo amaiumba mwatsopano nthawi iliyonse molingana ndi omvera ake.

Ndidatseka bukulo thukuta lili kamukamu. Ana atatu dzulo, asanu lero! Luso limene anthu adawolokera nyanja kuti akalione, ine ndinkagona nalo nyumba imodzi, ndipo ndidaliuza kuti silingamve zakuya.

Ndinali ndi kawailesi ka kaseti komwe ndinkamverera nyimbo za Lucius Banda. Ndidagula makaseti awiri opanda kanthu n'kunena kuti tikatsekera ndikawajambula agogo. Zomba ndi Blantyre ndi mtunda wosakwana makilomita 70, ulendo woti ndikadatha kupita Loweruka lililonse. Koma ndidati mayeso kaye. Mu Okutobala 2003 uthenga udandipeza kuti agogo atisiya atadwala chibayo masiku anayi okha. Tidakawaika kwawo ku Phalombe. Makaseti aja ndikadali nawo, ndipo mulibe mawu.

Papita zaka zambiri, ndipo tsopano ndimagwira ntchito m'boma, kulemba malipoti amene sawerengedwa kawiri. Ndikaunguza zonse zomwe ndidaphunzira, phunziro limene latsala ndi limodzi: nkhani iliyonse imene idafika m'kalasi mwathu idafikamo chifukwa wina adaiona kuti ndi yoyenera kuisunga. Mbiri ya Sundiata ya ku Mali tikuiwerenga chifukwa Djibril Tamsir Niane adakhala pansi kumvera mkulu wosunga mbiri, Mamadou Kouyaté, n'kutulutsa buku mu 1960. Kwathu kuno Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, adalemba Nthondo mu 1933, ndipo chaka chotsatira bukulo lidatuluka m'Chingerezi ku London ndi dzina loti Man of Africa. Matthew Schoffeleers ndi Adrian Roscoe adasonkhanitsa nthano zathu mu Land of Fire mu 1985. Steve Chimombo adatenga Napolo yemweyu n'kumulowetsa m'ndakatulo zomwe zawerengedwa kutali ndi Zomba. Onsewa sadadikire tchuthi.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, mwana wanga wamkazi adamva anthu m'minibasi ya ku Machinjiri akutchula Napolo. Madzulo adandifunsa kuti Napoloyo ndi ndani. Ndidapezeka kuti chigumula cha mu Gilgamesh ndingathe kuchifotokoza chonse, mpaka mbalame zitatu zomwe Utnapishtim adatulutsa m'chombo. Koma cha agogo ake a bambo ake, amene adachiona ndi maso, ndidangokumbukako zidutswa: fungo la matope, mwala waukulu ngati nyumba, ndi mayi wina amene ankaitana mwana wake mpaka mbandakucha.

Sindikunena kuti tisiye kuwerenga Homer. Popanda iye sindikadawazindikira agogo anga, ngakhale ndidawazindikira mochedwa. Ndikungokumbutsa anzanga olemba kuti akulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Masiku ano pafupifupi foni iliyonse ili ndi chojambulira mawu chimene Parry akadachilirira.

Ku Bangwe kuli azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene akwanitsa zaka 78. Loweruka lililonse ndimakwera minibasi ziwiri ndi mwana wanga uja, titanyamula shuga ndi buledi. Tajambula nthano 14. Ya Kamdothi aisimba katatu, ndipo katatu konse yatuluka mosiyana. Sindiwadula mawu.