Ntchito Yodziŵika Pokhapokha Zikavuta

Kuno ku Nkhamenya chaka timachiŵerenga ndi fodya. Nazale zikamafesedwa timadziŵa kuti dzinja layandikira, zigafa zikadzaza timati masika afika, ndipo mabelo akamakwezedwa pa malole opita ku Chinkhoma, m'nyumba zambiri mumabuka nkhani ya ana amene akumaliza Fomu 4. Makolo ambiri amandifunsa kuti, "Bambo, mwana wathuyu akuti akufuna za kompyuta. Kodi imeneyi ndi ntchito yoti munthu n'kudyetsa nayo banja?" Funsoli si lachibwana, pakuti ndalama yolipirira maphunzirowo ndi thukuta la chaka chathunthu, ndipo ikaloŵa m'madzi sibwerera. Ndifuna kuyankha pofotokoza ntchito imodzi mwa ntchito zimenezi, imene ambiri saidziŵa ngakhale amadya zipatso zake tsiku ndi tsiku.

Kuseri kwa foni imene timatumizira ndalama, kuseri kwa banki ndi chipatala chachikulu, kuli makompyuta amene sazimitsidwa usana ndi usiku, otchedwa maseva. Makinaŵa sadzisamala okha. Ali ndi wowayang'anira, amene pa Chingerezi amamutcha system administrator. Amene anagwirapo ntchito m'maesiteti a kuno ku Kasungu akumbuka munthu wosonkhezera moto pa balani ya fodya. Iyeyu sagona tulo tokwanira kwa mlungu wathunthu. Amadzuka pakati pa usiku kuona ngati kutentha kwakwera kapena kwatsika, nawonjezera kapena kuphula nkhuni. Fodya akatuluka wokongola amatamandidwa ndi mwini munda, koma akapserera aliyense amafunsa kuti anali pa moto ndani. Woyang'anira maseva ali chimodzimodzi: dzina lake limamveka pokhapokha zinthu zikavuta.

Tsiku lake limayamba ndi kuŵerenga kaundula amene makina amalemba okha, wonena zonse zimene zachitika usiku: amene analoŵa, amene anayesa kuloŵa nalephera, ndi malo osungira amene atsala pang'ono kudzaza. Wantchito watsopano akabwera amamutsegulira khomo lomuyenera, ndipo wina akachoka amatseka khomo lake tsiku lomwelo. Pulogalamu ikapezeka ndi chiboo choloŵera akuba, amaika chigamba msanga. Chachikulu pa zonse, amakopera zosungidwa zonse n'kuziika pa malo ena, ndiponso amayesa kaŵirikaŵiri ngati zokoperazo zingabwezeretsedwe, pakuti nkhokwe imene sunasuzumiremo sudziŵa ngati muli chimanga kapena anankafumbwe. M'dziko lathu amayeneranso kudziŵa za mabatire ndi majenereta. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, magetsi anavuta kwa miyezi yambiri, ndipo maseva amene anapirira ndi amene eni ake anakonzekeratu.

Zida zambiri za ntchitoyi ndi mapulogalamu otseguka, otchedwa open source. Mlimi amvetsa msanga kusiyana kwake. Mbewu ya haibulidi timagula chaka ndi chaka, ndipo mmene anaipangira ndi chinsinsi cha kampani. Chimanga cha makolo timasunga tokha, timasankha ngala zabwino, timagaŵira mnansi, iyenso nagaŵira wina. Pulogalamu yotseguka ili ngati mbewu yachiŵiriyi: aliyense ali ndi ufulu woona mmene inalembedwera, kuigwiritsa ntchito, kuikonza ndi kuigaŵa. Mu 1983 Richard Stallman wa ku America anayambitsa ntchito ya GNU ndi cholinga chimenechi, ndipo mu 1991 Linus Torvalds, ali wophunzira ku Helsinki m'dziko la Finland, anayamba kulemba Linux naitanira anthu ena kuti amuthandize. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa mtundu wa Linux umene anautcha Ubuntu, mawu amene ife timati umunthu. Maseva ochuluka a intaneti amayendera Linux, ndipo ngakhale foni ya Android imene ili m'thumba mwanu mtima wake ndi womwewo. Kwa mwana wa mlimi tanthauzo lake ndi lalikulu: chida chimene akatswiri a m'maiko olemera amagwiritsa ntchito, iyenso angachiike pa kompyuta yakale yogula kwa munthu, osalipira chiphaso cha madola.

Izi si nkhani za kunja kokha. Mu 2001 Gerry Douglas anayamba kuika makompyuta ongodina ndi chala pa galasi ku chigawo cha ana pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene tsopano chimatchedwa Kamuzu Central. Ntchitoyo inakula pansi pa bungwe la Baobab Health, ndipo achinyamata a Chimalaŵi ndiwo analemba ndi kusamala mapulogalamu ake, pogwiritsa ntchito zida zotseguka. Makinawo anapangidwa kuti azidya magetsi ochepa ndi kuyendera mabatire, ndipo ankasindikiza kapepala komata m'buku la kuchipatala la wodwala. Mu 2006 njirayi inayamba kuthandiza olandira mankhwala a ma ARV pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kenaka inafalikira m'zipatala zambiri. Mu 2012 Unduna wa Zaumoyo unayamba kusonkhanitsa ziŵerengero za m'maboma kudzera mu DHIS2, pulogalamu yotseguka yochokera ku yunivesite ya Oslo. Paliponse pamene pali makina otere pafunika munthu wowasamala. Iye akagona, namwino sadziŵa mankhwala amene wodwala analandira mwezi watha, ndipo mzere wa anthu ochokera kutali umangoima padzuŵa.

Koma chimene chimandichititsa kulingalira kwambiri za ntchitoyi ndi mphamvu imene ili m'manja mwa woigwira. Pa Linux pali khomo limodzi lotchedwa root, ndipo amene ali ndi kiyi wake angathe kuŵerenga, kusintha kapena kufufuta chilichonse. Angathe kuona kalata ya bwana wake, malipiro a mnzake, ngakhale matenda a mnansi wake. Ife ansembe timadziŵa kulemera kwa kusunga chinsinsi cha munthu, motero ndimamva chisoni ndikaona mphamvu yotere ikupatsidwa kwa munthu chifukwa cha satifiketi yokha. Mu 2013 dziko lathu linaona zimene zimatchedwa Cashgate, pamene mabiliyoni a makwacha analipidwa kudzera m'makina a boma a IFMIS kwa makampani amene sanapereke katundu, ndipo zolembedwa zina zinafufutidwa kuti phazi lisaoneke. Kumayambiriro kwa 2024 makina osindikizira mapasipoti anaima kwa milungu ingapo, ndipo mu February chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu analoŵa m'makinawo nafuna dipo. Amene anavutika ndi anthu wamba: ophunzira, odwala ndi amalonda amene ulendo wawo unafera pa khomo. Dziko limene lilibe ana ake odziŵa ndi okhulupirika osunga makiyi ameneŵa lili ngati banja limene kiyi wa nyumba yake amasunga ndi mlendo.

Kukhala tcheru kumapulumutsa. Mu March 2024 katswiri wina dzina lake Andres Freund anaona kuti kuloŵa m'kompyuta yake kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Wina akadangonyalanyaza, koma iye anafufuza mpaka anapeza khomo lobisika limene munthu wa chiwembu anaika mu pulogalamu yaing'ono yotchedwa xz, imene ikadaloŵa m'maseva osaŵerengeka. Anatha kulipeza chifukwa pulogalamuyo inali yotseguka, ndiponso chifukwa iye anali wodekha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono ndisakunamizeni, makolo, kuti njirayi ndi yosalala. Ntchito zambiri zili ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo woyamba kumene amayambira pansi: kukoka mawaya, kukonza makina osindikizira, kuthandiza woiŵala mawu ake achinsinsi. Pafunika Chingerezi chabwino, chifukwa malangizo ambiri analembedwa m'chiyankhulo chimenecho, ndipo pafunika magetsi ndi ndalama ya intaneti, zimene m'midzi yathu yambiri n'zosoŵa. Maphunziro alipo ku yunivesite ya Mzuzu, ku MUBAS ku Blantyre, ku yunivesite ya Malaŵi ku Zomba ndi ku MUST ku Thyolo, ndipo palinso mayeso a Linux Professional Institute ozindikirika m'maiko ambiri. Komabe pepala lokha silidzutsa seva yakufa. Wolemba ntchito wanzeru amakhazika mnyamata kapena mtsikana patsogolo pa makina owonongeka n'kuona chimene achite. Boma lathu lomwe lino la Kasungu linalera William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene mu 2002 anapanga makina a magetsi oyendera mphepo ndi zitsulo zotayidwa, ataŵerenga buku la mu laibulale. Luso lotere limakula ndi manja.

Motero musanagulitse ng'ombe kapena kuthyola ndalama ya feteleza, muyambe mwamuona mwanayo. Kukonda kuseŵera pa foni si chizindikiro. Onani ngati wailesi ikafa amaitsegula modekha n'kusunga timisomali take pamalo amodzi. Onani ngati amafunsa pamene sadziŵa, pakuti safunsa anadya phula. Onani ngati amalemba zimene wachita kuti wobwera pambuyo pake asavutike, ngati amabweza chenje mukamutuma ku golosale, ndiponso ngati nkhani ya m'nyumba imathera m'mimba mwake. Zikakhala choncho, mufunireni kompyuta yakale, aikepo Linux, aiwononge ndi kuikonzanso mpaka aizoloŵere. Za makina adzaphunzira kwa aphunzitsi ndi kwa anzake a m'maiko akutali amene sadzawaona ndi maso. Koma kukhulupirika, kumene odwala ndi osauka a dziko lino adzadalira iye akadzagwira makiyi, sadzakupeza m'kalasi ina iliyonse ngati sanakutenge pa khomo panu.