Mnyamata wa Paphulusa

Ku Norway, dziko la chisanu kumpoto kwa Ulaya, ana amakula akumva nthano za mnyamata wotchedwa Espen Askeladd. Dzina lakuti Askeladd litanthauza mnyamata wa paphulusa, pakuti iye amangokhala pafupi ndi moto tsiku lonse, namatokosa phulusa, pamene akulu ake aŵiri, Per ndi Pål, ayesedwa anthu anzeru. Nthanozi anazilemba Peter Christen Asbjørnsen ndi Jørgen Moe, atazimva m'midzi, ndipo zinayamba kusindikizidwa mu 1841. Moe uja pambuyo pake anakhala bishopu wa mpingo wa Lutheran ku Kristiansand.

Imodzi mwa nthanozi itikhudza ife makolo. Pabwalo la mfumu panamera mtengo waukulu wotsekereza dzuŵa, ndipo munthu akausema kamodzi, pamalopo pamamera zibanthu ziŵiri. Mfumu inafunanso chitsime chosaphwa, koma pansi ponse panali thanthwe. Tsono inalonjeza mwana wake wamkazi ndi theka la ufumu kwa wotha ntchito ziŵirizi.

Ali paulendo, abale atatuwo anamva kugogoda m'phiri. Akulu aja anati n'zachabe, ndi munthu wodula nkhuni. Koma Espen anakwera kukaona, napeza nkhwangwa ikudula mtengo yokha. Patsogolo anamvanso phokoso lina, nakapeza khasu likukumba lokha. Pofika pakamtsinje, akulu anangomwa madzi, koma iye anakatsata mpaka kugwero, kumene madziwo anali kutuluka m'kamtedza. Anatseka kabowo kake, naika zonse m'thumba, akuluwo akumuseka.

Tikamva nkhaniyi timafulumira kukhala mbali ya Espen. Koma tinene zoona: pakhomo pathu ambirife timalankhula monga Per ndi Pål. Mwana akafunsa chimene chikulira kuthengo, kapena kumene madzi a pachitsime achokera, timamuyankha kuti aleke kutaya nthaŵi, atenge khasu. Sitilakwitsa kotheratu, pakuti munda sulimidwa ndi mafunso. Komabe Espen sanapambane ndi mphamvu, ngakhale ndi mwayi wokha. Abale onse atatu anamva phokoso lomwelo. Mmodzi yekha ndiye anavomera kutopa ndi chitunda.

Sitinena kuti mnyamatayu ndi woyera mtima m'zonse. M'nthano ina amanyenga chimphona cha m'nkhalango pa mpikisano wa kudya phala, iye akuthira lake m'thumba lobisa, mpaka chimphonacho chidzing'amba mimba. Nzeru zotere tizidziŵa kwa Kalulu, ndipo sitingakonde kuziona mwa ana athu.

Kubwalo kuja Per ndi Pål analephera, ndipo mfumu inaŵadula makutu niŵataya pachilumba. Espen anatulutsa nkhwangwa, mtengo unagwa. Khasu linaboola thanthwe. Anatsekula kamtedza, chitsime chinadzaza. Nthanoyo imati kudulidwa makutu kunaŵathandiza akuluwo, chifukwa sanamve anthu akuyamikira mng'ono wawo tsiku ndi tsiku.