Masabata anayi ku Xela ndisanakwere basi

Munthu amene wasunga ndalama zaka zingapo kuti akayende miyezi isanu ku Central America safuna kuwononga ngakhale tsiku limodzi. Komabe ine masabata anayi oyamba ndidawathera pampando wa wophunzira, mu mzinda wa Quetzaltenango ku Guatemala, umene eni ake amangoutchula kuti Xela. Abale ena adati ndikuseweretsa ndalama, popeza ndimadziwa kale Chingerezi. Koma Chingerezi sichikufikitsa patali m'mabasi a kumeneko, ndipo sindidafune kuyenda miyezi yonseyo ndikuloza zinthu ndi chala ngati khanda.

Sukulu za Chisipanishi za ku Xela zimayendera dongosolo limodzi: mphunzitsi mmodzi, wophunzira mmodzi, patebulo laling'ono, maola anayi kapena asanu tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Wophunzira amagona ndi kudya pabanja la mu mzindamo. Mzindawu uli pamtunda wopitirira mamita 2,300, kotero m'mawa tinkaphunzira titavala majuzi.

Kwa ife aphunzitsi a ziyankhulo, nkhani yagona pa mabuku amene adandipatsa. Onse adalembedwa poganizira munthu amene chiyankhulo chake ndi Chingerezi. Masamba ambiri ankalimbana ndi mavuto amene ine ndidalibe. Chisipanishi chili ndi malembo a liwu asanu, a, e, i, o, u, ndipo amamveka monga momwe timawatchulira m'Chichewa. Anzanga a ku America ankatuluka nawo thukuta, ine ndidangowerenga. Bukulo linkachenjezanso kuti mlowam'malo wa dzina atha kusiyidwa chifukwa mneni amanena yekha amene akuchita ntchito: hablo, hablamos. Kodi "ndimayankhula" ndi "timayankhula" sizichita chimodzimodzi? Kusiyana kwake n'kwakuti ife timasintha kumayambiriro kwa mneni, iwo kumapeto. Nanga mgwirizano wa dzina ndi mfotokozi ungamuopse bwanji munthu amene adakula akunena "mwana wabwino, chipewa chabwino, nyumba zabwino"? Iwo magulu a mayina ali nawo awiri okha.

Phunziro limene alendo ambiri amaliopa ndi la aneni awiri, ser ndi estar, amene m'Chingerezi ndi mneni mmodzi. Aphunzitsi anga, mayi wofatsa amene adagwira ntchitoyi zaka zambiri, adali atakonzekera kuthera sabata yonse pamenepa. Atandipatsa zitsanzo zitatu ndidawalembera ziganizo zathu pambali: Es maestro, "ndi mphunzitsi"; está en el mercado, "ali kumsika"; está bien, "ali bwino". Ife sitinena kuti "ndi kumsika" tikamatanthauza kumene munthu ali. Adayang'anitsitsa pepalalo, kenaka adati: "Ndiye inu tisataye nthawi pano, tiyeni kumene chiyankhulo chanu sichikuthandizani." Malowo tidawapeza msanga. M'nthawi yakale Chichewa chimangoti "adali mphunzitsi", "adali kumsika", pamene Chisipanishi chimasiyanitsabe era ndi estaba, kuwonjezanso fue ndi estuvo. Sabata imene tidapulumutsa idathera pamenepo.

Kwina kumene Chichewa chimatisiya tokha ndi pa l ndi r. Kwa ife malembo awiriwa sasintha tanthauzo la mawu. Lamulo la kalembedwe limangoti r abwere pambuyo pa e ndi i. M'Chisipanishi pelo ndi tsitsi, pero ndi "koma", perro ndi galu. Bukulo lidalibe ntchito ngakhale imodzi yosiyanitsa pelo ndi pero, chifukwa Mngerezi savutika nazo. Mayi aja adandipangira okha ntchitoyo: mphindi khumi m'mawa uliwonse, iwo kutchula, ine kuloza chithunzi, ndisanayambe kutchula ndekha. Khutu lidayamba, lilime lidatsatira.

Tsiku lina ndidawafunsa chifukwa chimene sadakakamire pa buku. Adandiuza kuti agogo awo ankayankhula Chikiche, chimene amalemba kuti K'iche', chimodzi mwa ziyankhulo 22 za anthu a mtundu wa Maya ku Guatemala, ndipo kusukulu palibe adawafunsapo kuti akudziwa chiyani kale. Lamulo lozindikira ziyankhulo zimenezi lidabwera mu 2003. Ndidakumbukira ophunzira anga a Chiyao ndi Chitumbuka, komanso a m'malire a Mozambique amene amafika ndi Chipwitikizi, onse n'kupatsidwa tsamba limodzi, liwiro limodzi. Pa ine ndekha mayiwa adatha kusintha dongosolo chifukwa ndidali mmodzi. M'kalasi la ana 80 si zapafupi, koma funso lawo loyamba lija, lakuti "m'chiyankhulo chanu mumati bwanji?", silifuna choko kapena ndalama.

Madzulo, pabanja limene ndinkakhala, mawu ena ankandilonjera okha: zapato, carta, cama, máquina, bandera. Ndi nsapato, kalata, kama, makina ndi mbendera zathu zomwe, zimene zidatifika kudzera m'Chipwitikizi. Agogo a pakhomopo ndinkawatchula kuti usted popanda wondiphunzitsa, poti "inu" ndi "iwe" tidayamwira. Chakudya chidali chimanga ndi nyemba, kungoti chimangacho amachiphika ndi laimu n'kupanga timikate topyapyala totchedwa tortilla.

Sabata yachisanu ndidakwera basi yakale ya ana asukulu a ku America, yopakidwa utoto wowala, kupita ku Chichicastenango, kumene msika waukulu umachitika Lachinayi ndi Lamulungu. Mayi wogulitsa nsalu adanditchulira mtengo m'Chisipanishi chapang'onopang'ono, chosankha mawu, kenaka adatembenukira kwa mwana wake n'kuyankhula Chikiche mothamanga. Tidanenerera mtengo kwa nthawi ndithu, tonse awiri m'chiyankhulo chophunzira, ndipo adanditsitsira makwetsale 20.