Makina a Malemu pa Facebook

Masiku ano ukangodziwika kuti umatha kutokosa foni, basi wasanduka woyika mitengo pa katundu wa anzako. Wina abwera ndi wailesi, wina njinga, funso ndi limodzi: "Kodi pa intaneti chingapite zingati?" Ambiri ndimangowayankha za m'mutu. Koma pempho la mnzanga wa ku Ndirande, yemwe tinakulira limodzi, linandivuta. Iye ankafuna ndimugulitsire makina osokera a malemu mayi ake.

Anali a Singer, akuda, opukusa ndi dzanja, maluwa ake agolide atayamba kufufutika. Bambo ake anabwera nawo kuchokera ku Joni paulendo wawo womaliza wa Wenela, Kamuzu asanatseke njirayo mu 1974 ndege itagwa ndi anthu athu ku Francistown. Makinawo ndiwo anasoka yunifolomu ya mwana aliyense m'banjamo, ngakhalenso kabudula wanga wa kusukulu anadutsapo.

"Achimwene, izitu ndi zamakedzana, azungu amalimbirana," anatero, natchula mtengo woti n'kugula njinga yamoto. Mwana wake wamkazi anali atasankhidwa ku sekondale yogonera konko, ndipo fizi ankayembekeza kuti ichokera pomwepa.

Ndinafufuza. Makinawo ndi a mtundu wa 15K, ndipo K ameneyo akuimira Kilbowie, fakitale ya ku Clydebank m'dziko la Scotland yomwe inatsekedwa mu 1980. Fakitaleyo inatulutsa makina mamiliyoni ndi mamiliyoni. N'zoona ngakale, koma ali mbwee dziko lonse, ndipo azungu ankanenedwawo ali nawo awo m'nyumba za agogo awo. Wogula weniweni ndi telala wa pakhonde ku Limbe, amene akayerekeze mtengo wako ndi wa Butterfly watsopano wa ku China. Iyeyo za Wenela alibe nazo ntchito. Afunsa ngati makinawo sadumpha ulusi, ndiponso ngati amaboola jinzi.

Kunena zimenezi kwa munthu amene akuona manja a mayi ake pa chopukusira si masewera. Ndikanatha kungoika mtengo wakewo, n'kusiya anthu a pa Facebook amuseke okha, ine manja oyera. Ambiri timatero, n'kumati tasunga chibale. Ine ndinamuuza maso ndi maso kuti akapeza gawo limodzi la magawo atatu a ndalama ankafunazo, athokoze Mulungu. Anakhala chete nthawi yaitali, ndipo sabata yonse sanandiimbire.

Atabweranso tinajambula makinawo panja dzuwa likuwala, n'kutenganso kavidiyo akusoka chitenje ndi jinzi yopinda kawiri. Pamtengo tinaonjezera pang'ono, poti Mmalawi kugula osanenerera amaona ngati waberedwa. Woyamba kuimba sanafunse n'komwe za makinawo. Anangotumiza uthenga wonamizira kuti ndalama zalowa pa foni, nati mnyamata wake akubwera kudzatenga. Titayang'ana mu akaunti munalibe ndi tambala yomwe.

Pa tsiku lachisanu kunabwera mayi wina wa ku Bangwe atatenga ulusi wake ndi kansalu. Anasoka mizere itatu, khutu ali tcheru kumvetsera kulira kwa makinawo, nadandaula za mtengo monga mwa mwambo, kenaka n'kuwerenga ndalama pamanja. Asananyamule, mnzangayo anatsegula kabokosi ka m'mbali natulutsamo kabotolo ka mafuta ndi sizasi yakale.

"Izi ayi, mayi, sizili pamtengo."

Ndalamazo zinakwana fizi ya teremu yoyamba ndi thiranki. Za teremu yachiwiri sitinakambirane.