Kufunafuna Wowongola Ziwalo

Inu amene mwatsiriza sukulu, tsiku limene mudzalandira malipiro anu oyamba mudzaona pa cipepala cace kamzere kolembedwa NHIMA. Pa K100 iriyonse amadulapo K1, ndipo wokulembani nchito aonjezapo K1 yace. Lamulo lace linakhazikitsidwa m'caka ca 2018, ndipo kudula kunayamba mu 2019, kuti wodwala asamayambe wafunsidwa ndarama asanaonedwe. Ambirife tinang'ung'udza, pakuti munthu wamoyo sakonda kulipira matenda amene sanamgwire.

Ine ndinadziwa nchito ya kamzereko pamene amalume, mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi kum'mawa kuno, anagwa ndi sitiroko nafa dzanja ndi mwendo wa kumanja. Atawatulutsa m'cipatala, dokotala anati cotsala ndi "fizio", ndiko kuphunzitsanso ziwalo kuyenda. Anatinso tisacedwe, cifukwa ubongo umaphunzira msanga m'miyezi yoyamba, ndipo ciwalo cogonekedwa cabe cimauma m'mfundo mwace.

Apa mpamene ulendo unayambira. Thandizoli liri m'gulu la zimene NHIMA imalipira, koma imalipira pa cipatala cokhaco cimene inacibvomereza. Tsono pafunika zinthu ziwiri pamalo amodzi: cipatala cobvomerezedwa, ndi wafizio wokhalamo. Ku kiliniki ya kwathu kunali anamwino okoma mtima, wafizio kunalibe. M'tauni ndinalowa pa cipatala cina ca eni ace pamene panali cikwangwani ca NHIMA pakhomo; anandiuza kuti khadi ligwira pa mankhwala ndi kupima magazi, koma za ziwalo alibe munthu. Pena ndinapeza mnyamata waluso ndithu, koma anafuna ndarama pamanja ulendo uliwonse. Pali enanso ongotikita thupi amene amadzicha afizio. Weniweni amakhala ataphunzira, monga ku Evelyn Hone College kapena ku University of Zambia, nalembedwa m'kaundula wa Health Professions Council of Zambia, ndipo kupempha kuona cikalata cace si mwano.

Potsiriza tinathandizidwa pa cipatala cacikuru ca Boma, titatenga kalata ya dokotala, khadi ndi citupa ca amalume. Sanatifunse ngakhale ngwee imodzi.

Koma cimene sindinaciganizire poyamba paja nciwerengero ca maulendo. Fizio si jekeseni wobaya kamodzi munthu nkucira. Ndi nchito ya sabata ndi sabata, miyezi yambiri. NHIMA ilipira wafizio, koma siilipira minibasi, ndipo munthu wosayenda sakwera yekha; mipando ndi iwiri, kupita ndi kubwera, ndiponso woperekezayo wasiya munda. Ndiganiza kuti ambiri amene amaleka panjira sakhala atataya mtima, koma thumba ndilo lawakana. Cifukwa cace amalume tinawasamutsira kwa mlongo wanga m'tauni, ngakhale iwo anadandaula za ng'ombe zao masiku onse.

Mai amene anatithandiza anacita canzeru: anaphunzitsa ife pamodzi ndi wodwala. Anatiletsa kuwadzutsa powakoka dzanja lakufalo, popeza phewa lopanda mphamvu limaguluka. Analetsanso kuthowa ndi madzi otentha, monga timacitira kumudzi, pakuti khungu losamva limapsa mwini wace osadziwa. Ndipo anati kwa azakhali, "Amai, musawadyetse. Asiyeni adzidyere okha, ngakhale nsima igwe pansi." Azakhali anaona ngati nkhanza, nakhala masiku atatu osalankhula za maiyo.

Patapita miyezi isanu amalume anayamba kuyenda ndi ndodo kufikira pa msika. Dzanja silinabwerere lonse, ndipo coko agwira ndi lamanzere. Mndandanda wa zipatala zobvomerezedwa umasinthasintha, cotero tsopano tikafuna kupita kwina timayamba tafunsa ku ofesi ya NHIMA, kenaka nkufunsanso pa cipatalapo ngati wafizio alipo, ndi masiku amene amaona odwala.