Kwa Dalitso, wopita kukalondola mapazi a nyama ku Limpopo

Mwana wanga Dalitso,

Za ndalama ndi za tchalitchi amayi ako akuuza kale. Ine ndikulembera za mfuti, chifukwa kufamu ya nyama ukupitako ntchito yako ndi kulondola mapazi, ndipo njati ikalasidwa pamalo olakwika n'kukabisala m'nsenjere, woyenda patsogolo udzakhala iwe. Wowombayo adzakhala kumbuyo kwako.

Kuno ku Lupande alendo ambiri amabwera ndi zipolopolo zogula m'mabokosi. Ku South Africa ukapeza alenje ochuluka amene amadzipangira okha kunyumba. Amatenga chigoba chamkuwa chowombedwa kale, amaikamo primer yatsopano yoyatsira onga, amayeza onga pasikelo, kenaka n'kukhomera mutu wa chipolopolo. Udzawamva akukambirana za onga wa kampani ya Somchem usiku wonse. Ambiri ndi anthu osamala, usawapeputse. Koma dziwa kuti ngakhale mfuti ikhale yomweyo ndi wowomba yemweyo, chipolopolo chikasintha, pomenya pamasunthanso.

Mpope wa mfuti umaoneka wouma, koma onga ukapsa umanjenjemera kuyambira kutsinde mpaka kukamwa, monga imachitira nsungwi ya mbedza ukaimenya pogwirira. Chipolopolo chimakhala m'kati mwa mpopewo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Chikatuluka kamwa la mpope lili chakumwamba, chimakwera. Chikatuluka litapendekera kumanzere, nacho chimapita kumanzere. Tsono chilichonse chofulumizitsa kapena kuchedwetsa chipolopolocho chimasuntha pomenya: onga woonjezera pang'ono, onga wa mtundu wina, ngakhale wa dzina lomwelo koma wopangidwa nthawi ina, primer ya kampani ina, chigoba chochindikala chimene chimachepetsa malo a onga, kapena mutu wokhomeredwa mozamirapo. Pakamwa pa mfuti kusiyanako diso silingakuone, koma pa mamita 100 kumatha kufika zala ziwiri, mwina chikhatho chonse. Pa phewa la njati, chikhatho chimodzi chimasiyanitsa mtima ndi mnofu wamba.

Kulemera kwa mutu nako kumanyenga. Mu mfuti ya .30-06, mutu wa magireni 150 umatuluka pa liwiro la mafiti pafupifupi 2,900 pa sekondi, wa 180 pafupifupi 2,700. Patali, wolemerawo umagwa msanga, zimenezo aliyense amazidziwa. Koma pafupi nthawi zina umamenya pamwamba, poti umachedwa kutuluka ndipo mfuti imakhala itayamba kale kudumpha. N'chifukwa chake sindifuna uzilosera ndi mutu wako pamene chipolopolo chikamenye.

Udzamva anthu akutama .375 H&H, imene a Holland & Holland a ku London anaitulutsa mu 1912, kuti mitu ya magireni 270 ndi 300 imagwera pamodzi. Kawirikawiri n'zoona, ndipo ndimaikonda mfuti imeneyi, koma mbiri ya mfuti si umboni wa mfuti ili m'manja mwa mlendo wako. Pa njati amaika kutsogolo chipolopolo cha mutu wofewa, pansi pake za mutu wolimba zoboola mafupa. Mitundu iwiriyi iyenera kuonekera pa chandamale kuti ikugwirizana. Mfuti ya mipope iwiri ndiye yovutitsitsa, chifukwa wopanga anailumikiza mipopeyo molingana ndi chipolopolo chimodzi chokha. Ukaipatsa chothamanga kwambiri, wakumanja umamenya kumanzere ndipo wakumanzere kumanja.

Usaiwalenso dzuwa. Kutentha kwa Okutobala ukukudziwa, ndipo ku Limpopo sikusiyana. Bokosi la zipolopolo likakhala padzuwa m'galimoto, onga umapsa mwaukali kuposa tsiku limene unayesedwa m'mawa kukuzizira. Ziike pamthunzi. Ukaona mlenje akulimbana ndi bolt kuti itseguke atawomba, kapena primer ya chigoba chotulukacho yaphwatalala, mphamvu yapitirira muyeso. Uza bwana wako nthawi yomweyo, asawombenso.

Musanalowe m'tchire, mlendo aliyense ayambe wawomba pa chandamale ndi zipolopolo zimene akasake nazo, ndipo uyang'anitsitse choyamba chotuluka mumpope wozizira, poti nyama idzalandira chimenecho. Akanena kuti anayesa kale kwawo, usakangane naye. Ukamunong'oneze mlenje wamkulu mwaulemu, iye ndiye alankhule. Uziona zimene mlendo akuika m'lamba ndi m'thumba, chifukwa ena amasakaniza mitundu iwiri osazindikira. Ndipo wina akakupatsa zipolopolo zodzipangira, ngakhale akhale mnzako wapamtima, usaziike m'mfuti ina. Anaziyezera mfuti yake yokha, ndipo m'mfuti ya wina zingaphulitse chitsulo pamaso pako.

Kumeneko lamulo la mfuti la 2000 n'lokhwima, ndipo iwe ndiwe mlendo m'dziko la eni. Usanyamule mfuti kapena kusunga zipolopolo m'chipinda chako bwana wako asanakukonzere mapepala oyenera.

Ukafika utumize nambala ya foni kwa mlongo wako, ndipo undiuze mfuti imene mlenje wamkulu amanyamula potsata nyama yolasidwa.

Ndine bambo ako.